Makina Amene Welda Anasiya

"Benchi munatenga kale, alamu. Lero mwadzera chiyani?"

Mkazi wa Welda anafunsa ataima pakhomo pa shedi, manja ali thovu lokhalokha, poti anali atasiya zochapa za anthu m'beseni. Mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, anaimika wilibala n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mashelefu awo. Akungodyedwa ndi dzimbiri."

"Dzimbirilo labwera kudzakudandaulirani kuti lakhuta?"

"Pakamwa panupa, alamu, mpomwe panathawitsa achimwene."

"Pakamwa pangapa mpomwe pakudyetsa mwana wawo. Mashelefuwo ndi anga."

"Anu?" Mlamuyo anaseka n'kuvala chipewa chija. "Tsiku lomwe munkalowa pakhomo pano, chikwama chanu ndinanyamula ndine. Chinali chopepuka. Munalibe chitsulo m'menemo. Katundu wa achimwene ndi wa kwathu, ndipo ine ndayamba bizinesi ya zitsulo. Mukufuna ndikayambire kwa anthu achilendo, za m'banja zili pano?"

Mkaziyo sanasunthe. Mlamuyo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anatsitsa mawu.

"Ndimati ndikuuzeni tikamaliza, koma poti mwaumitsa khosi, imvani. Anayimba."

"Ndani?"

"Mukufunsa ndani? Amuna anu."

Thovu linkadontha m'zala zake n'kumagwera pamapazi.

"Liti?"

"Dzana. Akuti zitsulo zosagwira ntchito ndichotse, zisamangodzaza malo."

"Anafunsa za ine?"

"Anafunsa."

"Anati chiyani?"

"Anati, alamu ako ali bwanji."

"Basi?"

"Foni ya kunja imadya, alamu. Si yochezera."

Mkaziyo anapatuka pakhomopo osadziwa kuti wapatuka. Mashelefu anatuluka akukhulana ndi khoma, wilibala inalira mpaka kumsewu, iye akadali chiimire, akubwereza chamumtima mawu aja: alamu ako ali bwanji.

Dzina loti Welda linachokera ku ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo mkaziyo analitengera pomwepo. Mumsewu wonsewo panalibenso wokumbuka dzina lomwe iye anabadwa nalo. Chilichonse chachitsulo pakhomopo chinatuluka m'manja mwa mwamunayo: bedi, zitsulo za m'mawindo, mpando wa pakhonde, ndi geti lokhala ndi mbalame ziwiri zopindidwa ndi waya wochindikala, zoyang'anizana milomo. Tsiku lina m'mawa Welda ananena kuti makina ake owotcherera apsa m'kati. Anawakankhira pakona ya shedi n'kuwafunditsa lona. "Musalole munthu kuwatsegula," anatero. "Ndikagwireko ntchito kunja, ndikabwere ndi waya watsopano, tidzawayatsenso." Apo n'kuti mkaziyo ali woyembekezera. Mwanayo, wamkazi, atayamba kuyenda ankakagunditsa khutu palona lija, chifukwa anamva amayi ake akuti awa ndi a bambo ako, iye n'kuganiza kuti bambowo amakhala m'menemo. Tsopano ankawerenga yekha zolembedwa pa mapaketi a sopo, n'kumawakonza amayi ake akaphonya.

Akanakhala wamasiye, anthu akanalira naye n'kumusiya ayambe moyo wina. Akanasiyidwa ukwati poyera, akanalongedza n'kupita kwawo. Koma iye anali mkazi wa munthu wamoyo, ndipo mkazi wa munthu wamoyo sapita kulikonse. Amasesa pabwalo, amasunga katundu, abale a mwamuna n'kumabwera kudzasankha zomwe zawasangalatsa.

Makina aja ankawasamala ngati wodwala. Ankapaka girisi m'mabawuti, ndipo mvula ikayandikira ankasoka lona pomwe pang'ambika. Geti lokha ndi lomwe sankalithira mafuta. Linkalira likamatsegulidwa, kulira kwakutali ngati kwa kambuzi kotayika, ndipo aneba anadandaula mpaka kutopa. Iye ankafuna lizilira. Ankati tsiku lomwe Welda adzalikankhe, adzamve ngakhale ali kuseri kwa nyumba.

Patapita masiku angapo mafunso anamuchulukira m'mutu. Sanafunse ngati chifuwa chomwe mwamunayo anachoka nacho chinatha. Sanafunse ngati akudziwa kuti mwana ndi wamkazi. Atamusowa mlamu wake kunyumba, anamulondola kusikelo, kumpanda wa malata kuseri kwa msika komwe amagula zitsulo zakutha.

M'katimo munali milu yotalika kuposa nyumba: zitseko za magalimoto, makasu opanda mipini, miyendo ya makina osokera, mabedi a anthu omwe mwina anamwalira kapena anangosauka. Pamulu wina anaona mwendo wa benchi lija, wodulidwa pakati. Anauzindikira ndi msoko wake. Welda akalumikiza zitsulo, msokowo unkaoneka ngati tsitsi lolukidwa bwino. Anautola, n'kuyamba kuusisita ndi chala.

"Mukugulitsa kapena mukulira?"

Anali mayi wa pasikelo, wamkulu thupi, atavala magambutsi ndi magalasi omangidwa ndi kawaya.

"Ngati mukulira, patukani. Pamenepo pamadutsa ngolo."

"Ndikufuna alamu anga, amene anabweretsa ichi."

"Sakaniza? Wapita kale. Timamutchula choncho chifukwa amabweretsa zonse m'thumba limodzi, misomali, mipope, mawaya, mapoto. Ndinamuuza kuti azisankha. Akuti kusankhasankha ndi ntchito ya azimayi. Ine ndiye ndimangoyeza zonse pamtengo wa chitsulo, iye n'kumapita akuimba mluzu."

Mayiyo anayang'ana manja a mkazi wa Welda, kenako anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kanthu kakuda kozungulira.

"Awa ndi maginito, ndinachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Gunditsani pa mwendo mwanyamulawo."

Maginito anamata, kuti khwa.

"Chimenecho ndi chitsulo. Chimalemera, chimathyola msana, phindu lake n'lochepa. Tsopano gunditsani pa poto uyo."

Sanamate.

"Aluminiyamu. Akhale ndi thumba lakelake. Mutu wa mpope uwo mukaupala ndi tupa n'kuoneka wachikasu, nawonso thumba lake. Ndiye pali bwana uyu." Anasolola waya wofiira pamulu waung'ono womwe unali pafupi ndi mapazi ake. "Mkuwa. Ukadulidwa kumene umawala ngati khala lamoto. Ukakhalitsa umada, kenako n'kubiriwira. Lamulo lake ndi limodzi, mayi. Chomwe chikukakamira maginito n'chotchipa. Chomwe chikukana, gwiritsitsani. Ndipo musandibweretsere zakuba, ndimazidziwa zikadali pageti."

"Mukundiuziranji zonsezi?"

"Ndaona zala zanu. Sopo wakudyani mpaka kufiira. Zitsulo zimacheka, inde, koma sizikubwezani kuti mukachapenso kolala ya malaya."

Mkazi wa Welda anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwakeko.

"Koma muchenjere naye Sakaniza wanuyo," mayiyo anapitiriza. "Walonjeza abwana athu makina owotcherera, akale aja odzaza mkuwa. Akuti ndi a mkulu wake. Akuyenda ngati wagula kale galimoto."

"Makinawo sagulitsidwa. Mwiniwake akubwera."

"Mwiniwake ndani?"

"Welda. Wa geti la mbalame."

Mayi wa pasikelo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya epuloni kwa nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Tengani maginitowo," anatero. "Ndili nawo ena."

Anayamba choncho. Akamaliza zochapa ankamangirira maginito kuchingwe, n'kuzungulira misewu ndi thumba pamutu. Mpamene anaona bwino zomwe njala ya zitsulo inachita kuderalo. Zivindikiro za ngalande zinapita, kusiya maenje othyola ana miyendo. Chikwangwani cha pamphambano chinazulidwa ndi mtengo wake womwe. Belu la kusukulu, lomwe kale linkadzutsa ngakhale aulesi a kutsidya kwa mlatho, linasowa, ndipo aphunzitsi ankamenya chigubu cha pulasitiki. Kale msewu umenewu unkanunkha utsi wowotcherera ndi utoto, amuna akupanga zinthu zoti zikhalitse kuposa iwo. Tsopano theka la amunawo linali kunja, ndipo otsalawo ankaphwasula zomwe anapanga abambo awo n'kumati ndi bizinesi.

Iye ankatola zotayidwa zokha. Ankapempha mapoto obowoka kwa omwe ankawachapira, ankafukula m'mbuyo mwa magalaja, ankasenda mawaya akale ndi mpeni osati kuwawotcha, poti anauzidwa kuti mkuwa wopsa umatsika mtengo. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumasankha m'matumba. Ulendo woyamba anaika chigwiriro cha chitseko m'thumba la zachikasu, mayi wa pasikelo n'kuchipala ndi tupa n'kumuonetsa kuti chinali chitsulo chongopakidwa utoto. "Maginito muli nawo, mukukhulupiriranji maso?" anamukalipira. Sanabwerezenso.

Mlamu wake sanasiye kubwera, ndipo sankabwera chimanjamanja. Nthawi zonse ankabwera ndi mawu.

"Ayimbanso."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mpando wa pakhonde uwo unatha, adzapanga wina."

"Nanga chifuwa chija?"

"Chinatha kalekale. Kumeneko mankhwala ndi enieni."

"Anenepa?"

"Pafoni munthu amaoneka?"

"Mawu amanena, alamu. Munthu wokhuta amalankhula modekha."

"Ndiye anenepa."

"Munawauza kuti mwana ndi wamkazi?"

"Ndinawauza. Anaseka."

"Anaseka bwanji?"

"Alamu, kuseka kuli mitundu ingati?"

"Kwawo kulipo kuwiri. Kwina amatulutsa mawu, kwina amangopumira m'mphuno."

Mlamuyo anayang'ana pansi, n'kukanda tayala la wilibala ndi nsapato.

"Kwa m'mphuno."

"Ndipatseni nambala yawo."

"Amayimbira pafoni ya abwana awo. Nambala siioneka."

Mpando unapita. Kuseka kwa m'mphuno kuja kunatsala, ndipo mkaziyo anakhala nako masiku ambiri. Ankakumva akuchapa, ankakumva akusenda waya. Welda ankaseka choncho akamaliza chinthu n'kuona kuti chakhala bwino, atakweza chishango cha kumaso kufika pamphumi, masaya ali mbuu ndi utsi. Mkaziyo sanali wopusa. Ankadziwa kuti akugula mawu ndi zitsulo, ndipo ankadziwa kuti akumudulitsira. Koma panalibe wina wogulitsa mawu amenewo, ndipo iye anali atakhala ndi njala yake nthawi yaitali.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu geti linalira, ndipo mtima wake unadumpha monga unkachitira nthawi zonse. Anali mlamu wake, ulendo uno ndi ngolo yokankha ya matayala a galimoto, ndipo pambuyo pake pankabwera apongozi ake, akutsamira ndodo.

"Mpando uli kuti?" anafunsa apongoziwo atafika pakhonde.

"Funsani mwana wanu, amayi."

Mkaziyo anawavundikirira beseni, iwo n'kukhala. Aneba awiri anayamba kuyanika zovala kufupi ndi mpanda, zovala zomwe zinali zouma kale.

"Mwanawe, ine sindinabwere kudzakangana," anayamba apongoziwo. "Mwiniwake wanena kuti makina agulitsidwe. Iwe ukukaniranji ndi zinthu za mwana wanga?"

"Munawamva ndi khutu lanu, amayi?"

"Amayimbira mng'ono wakeyu. Ine makutu anga ndi foni sizigwirizana. Koma amandipatsa moni nthawi zonse. Akuti adzandibweretsera bulangete la kumeneko, lolemera." Nkhope yawo inawala ponena zimenezi, ndipo mkaziyo anazindikira kuti si iye yekha amene ankadyetsedwa m'mbale imeneyo.

Anatembenukira kwa mlamu wake.

"Makina awa anandisiyira kuti adzawayatse akabwera. Ngati anena kuti agulitsidwe, ndiye kuti anena kuti sabwera. Nenani zimenezo pamaso pa amayi anu."

"Musandiike mawu m'kamwa. Akuti mkuwa uli m'menemo ukungogona, ugulitsidwe, adzabwera ndi makina a masiku ano, ang'onoang'ono aja."

"Anatchula mkuwa?"

"Anatchula. Akuti ndi wambiri, ndichenjere asandibere pasikelo."

"Inuyo akuberani kale kangati pasikelopo, a Sakaniza?"

Kumpanda kunamveka kuseka. Mlamuyo anachita tsinya.

"Mukuona, amayi? Ndi mmene amatilankhulira. Wayamba kuyendayenda m'misewu ndi thumba ngati wamisala, kunyozetsa dzina la achimwene."

"Dzina la achimwene anu silinagulepo kope la mwana."

"Khala chete, mwanawe," anatero apongozi, osakweza mawu. "Pakhomo pano ndi pathu. Timakusunga chifukwa ndiwe mkazi wake. Ukaleka kumvera mawu ake, udzakhalapo ngati ndani? Anthu ayamba kale kufunsa kuti makinawo ukusungira ndani."

Mkaziyo anayang'ana shedi. Munali mutatsala makina okha pakona, ndi mizere yoyera pakhoma pomwe panali mashelefu. Anaganiza za mmene amadulira zinthu kusikelo, anyamata akuseka, moto ukuthetheka. Sanafune kuti makinawo akatsegulidwe ndi manja achilendo. Ndipo pansi pa mtima panali chinthu china chomwe sanachitchule. Ankafuna aone m'katimo, agwire pomwe Welda anagwira komaliza.

"Chabwino," anatero. "Koma sapita athunthu kukasakanizidwa ndi misomali. Atsegulidwa pano, ndipo nditsegula ndine. Chitsulo n'chanu. Mkuwa ndi sukulu ya mwana wawo."

"Zimenezo tidzakambirana."

"Takambirana kale."

Anamasula zingwe za lona n'kulipinda bwinobwino, ngati akuchotsa chofunda pa munthu wogona. Makinawo anali bokosi lalikulu lachitsulo la utoto wobiriwira, lokhala pa timatayala. Anatenga sipanala yomwe ankaibisa pansi pa matiresi kuti mlamu wake asaione. Mabawuti omwe anakhala akuwapaka girisi nyengo ndi nyengo anamasuka osavuta, ngati ankangomudikira. Mlamuyo anagwira mbali ina ya chivindikiro, iye mbali ina, n'kuchitsamiritsa kukhoma.

M'katimo munali chitsulo chachikulu chapakati, chamaliseche. Pomwe pankayenera kukhala waya wokulungidwa mochindikala panali chisa cha makoswe cha nyenyeswa za masaka. Munalibe mwaye, munalibe fungo la chinthu chomwe chinapsapo. Pa timabawuti ta m'mbali panali patatsala tizidutswa ta waya, tatifupi ngati chala cha mwana, todulidwa bwino ndi sowo.

Mlamuyo anapisa mkono wonse m'katimo, n'kufufuza pansi ndi m'makona, ngati mkuwa ungabisale.

"Mwaba ndinu," anatero. "N'chifukwa chake mumapita kusikelo. Mwakhala mukudula pang'onopang'ono."

Mkaziyo anamasula kachidutswa kamodzi n'kumuika m'dzanja.

"Yang'anani podulidwapo. Mkuwa wodulidwa chaka chino umawala. Uwu wabiriwira mpaka m'kati. Makoswewa aberekeramo zidzukulu."

Ananena mawuwa modekha, ndipo pomwe ankawanena mpamene iye mwini anawamva. Makinawo sanapse. Welda anawatumbula yekha, ndi sowo yake, n'kubwezeretsa chivindikiro, n'kumanga mabawuti, n'kufunditsa lona. Kenako analowa m'nyumba n'kumuuza kuti asalole munthu kutsegula. Anakumbuka m'mawa umenewo, mmene mwamunayo anatulukira ndi chikwama chooneka chaching'ono koma chomupendeketsa phewa, n'kukana kuti amuperekeze.

Apongozi anadzuka pabeseni paja n'kuyandikira, ndodo ikugogoda pansi. Anasuzumira m'bokosimo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, si unati mkulu wako wanena kuti muli mkuwa wambiri?"

"Amayi..."

"Iye ndi amene anachotsa. Ndiye angakutume bwanji kudzagulitsa zomwe akudziwa kuti mulibe?"

Mlamuyo anakhala pansi m'mphepete mwa ngolo. Anavula chipewa n'kumachipotokola.

"Sanayimbe," anatero.

"Ulendo uno?"

"Ulendo uliwonse. Sanayimbepo."

Kumpanda aneba aja anasiya kunamizira zoyanika.

"Nanga bulangete?" anafunsa apongozi.

"Munkafunsa tsiku lililonse, amayi. Ndikanati chiyani?"

"Nanga chifuwa?" anafunsa mkaziyo.

"Sindikudziwa, alamu."

"Nanga kuseka kuja?"

Mlamuyo anayankha osayang'ana aliyense.

"Kusekako ndimakukumbuka. Ndinakulira m'shedi muno ndikuwagwirira zitsulo. Nanenso anandiuza kuti akakhazikika adzanditumizira ya basi ndiwatsatire. Ndinakana ntchito ya pagalaja chifukwa ndinkati ndikupita. Nsapato zomwe ndinagulira ulendowo zinang'ambikira m'katoni, osavalidwa."

Mkaziyo ankafuna amukwiyire, ndipo anali ndi zifukwa zodzaza ngolo: benchi, mashelefu, mpando, ndi mausiku onse omwe anagona akukumbatira mawu abodza. Koma chomwe chinamupweteka kwambiri sichinali bodzalo. Chinali choti kuyambira tsopano sipadzakhalanso wobwera kudzamuuza kuti alamu ako ali bwanji.

"Munanditengera zinthu, alamu," anatero. "Munawona kuti ndilibe wondiyankhulira, inu n'kupanga mawu a mwamuna wanga kukhala kiyi wotsegulira pakhomo panga. Chisoni chanucho ndachimva, koma benchi silibwerera nacho."

"Ndamva."

"Ndipo inu amayi, munafunsa kuti ndidzakhala pano ngati ndani. Ndikhala ngati amene ndasunga bokosi lopanda kanthu mpaka mwana kufika powerenga. Wofuna kundichotsa ayambe wabweretsa mwiniwake adzanene yekha."

Apongozi anabwerera pabeseni paja, n'kukhala, n'kugwira ndodo ndi manja awiri. Ankayang'ana kugeti.

Geti linalira. Anali mwana uja, akuchokera kusukulu, masokosi atagwera m'mapazi. Anapereka moni kwa agogo ake ndi kwa bambo ake aang'ono, kenako anaona lona litapindidwa. Anayandikira bokosi lija n'kusuzumiramo, dzanja lili pa chikwama.

"Mulibe kanthu," anatero.

"Mulibe."

"Ndinkadziwa kale kuti mulibe munthu, amayi. Ndinakula."

"Ndikudziwa. Ine ndi amene ndinachedwa. Kawathirire madzi akumwa agogo ako."

Mkaziyo anamasula tizidutswa tonse ta mkuwa n'kutimanga m'kansalu. Kenako anagwira mbali imodzi ya bokosilo.

"Dzukani, alamu. Munabwera ndi ngolo, isabwerere yopanda kanthu. Mukankha ndinu, koma pasikelo ndikaima ndine."

Anadutsa msewu wonse masana, anthu akuwayang'ana, ngolo ikuzemba maenje a ngalande zopanda zivindikiro. Atafika, mayi wa pasikelo anayang'ana bokosi lotsegulalo, n'kuyang'ana mkazi wa Welda, osafunsa chilichonse. Anyamata anatsitsa makinawo n'kuwaika pasikelo.

"Munkadziwa," anatero mkaziyo.

"Ndinayeza ndine. Ndinali nditangoyamba kumene ntchito. Anabwera m'mawa kwambiri, waya ali m'chikwama, woyera, wosapsa ngakhale pang'ono. Ndinamufunsa kuti, a Welda, mukugulitsa chodyera chanu? Anati komwe ndikupita sindidzaufunanso."

"Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Mukanandikhulupirira?"

Mkaziyo anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu. Anamasula kansalu kaja.

"Izinso yezani."

"Tizidutswa timeneti? Sikelo siitimva n'komwe. Sungani, mwina mudzafuna chokumbukira."

"Zokumbukira ndili nazo zambiri, ndimagonapo. Ponyani pamulu wa mkuwa."

Mayiyo anatilandira n'kutiponya. Tizidutswato tinagwera pakati pa mawaya a anthu ena, ndipo patangopita kanthawi mkaziyo sakanathanso kutiloza.

Anabwerera yekha, maginito akulendewera m'chiuno. Atafika pakhomo anakankha geti, ilo n'kulira monga mwa masiku onse, ndipo mtima wake unadumphabe, ngakhale wolikankhayo anali iye mwini. Anaima pamenepo akuyang'ana mbalame ziwiri zija. Msoko wa pamapiko ake unali wokongola mpaka pano. Munthuyo ankadziwa ntchito, zimenezo palibe akanamulanda.

Apongozi anali akadali pakhonde, mwana atawakhalira pafupi. Mkaziyo analowa m'shedi, momwe tsopano munali malo okwanira matumba ake onse, n'kutenga chitini cha girisi. Munali mutatsala wambiri. Anabwerera kugeti, n'kutapa ndi chala, n'kupaka pahinji ya m'mwamba, kenako ya m'munsi. Analikankha, n'kulikoka, n'kulikankhanso, kulira kuja kukucheperachepera mpaka kutha.

"Nanga akabwera tidzamva bwanji?" anafunsa apongozi ali pakhonde, mawu ali otsika.

Mkaziyo anapukuta chala pansalu yake, n'kukoka geti komaliza. Linatsekeka mwakachetechete.

"Adzagogoda, amayi," anatero.